Pikapu Inali pa Zitsa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene ababa anadula miyendo yakutsogolo ya galimoto yathu. Inali pikapu yoyera, yakale kuposa ine, ndipo m'mudzi mwathu monse, kuseri kwa Chikweo, munalibenso ina. Ababa ankanyamulira thonje, chimanga ndi nandolo, ndipo tsiku la msika ankatenga anthu kupita nawo ku Ntaja atapanikizana ndi nkhuku zawo. Chitseko cha mbali yawo ankachimanga ndi mphira wa chubu. Kuti ilire m'mawa pankafunika anyamata okankha. Koma inkayenda, ndipo mawu amenewa muwasunge: inkayenda.

Ababa anali mkamwini. Kwawo kunali ku Phalula, ku Balaka, m'mphepete mwa msewu wa tala, ndipo kwathu kuno anachita kubwera kudzakwatira amayi. Nyumba inali pa malo a amayi, munda wa amayi, mitengo ya mango ya amayi. Chawochawo pamudzipo chinali galimotoyo ndi bokosi la masipanala, basi. Amalume a Witinesi, mlongo wawo wa amayi, ankakonda kuwaseka kuti ali ndi akazi awiri, ndipo wamkulu ndi uja wa matayala. Ababa sanali munthu wa mawu ambiri. Ankangomwetulira n'kupitiriza kupukuta mafuta m'manja.

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu waukulu wafumbi pali dambo la Nankuyu. Chilimwe pamauma gwa, ana amasewererapo mpira. Dzinja ndi makande akuda aja amene amamuvula munthu nsapato n'kuisunga. Pikapu yathu inkakankhidwa ndi matayala akumbuyo okha, akutsogolo ntchito yawo inali kungomvera chiwongolero. Choncho mvula ikalimba, ababa ankaisiya pansi pa mtengo wa mango n'kumalima ngati wina aliyense.

Dzinja la chaka cham'mbuyo mwake, amayi anali oyembekezera, ndipo matenda anawayamba nthawi isanakwane, mvumbi uli mkati. Ababa anawagoneka kumbuyo kwa pikapu pa matiresi. Ine anandikweza kuti ndiziwagwirira ambulera. Titafika pa Nankuyu galimoto inalowa pang'ono, n'kubuula, n'kukhala pansi. Ndimakumbukira matayala akumbuyo akuzungulira pamodzimodzi, akumwaza matope kumaso kwa azibambo amene ankakankha. Anaika nthambi, anaika miyala, wina anavula malaya n'kuika. Matayala akutsogolo anangoima phee, osathandiza kanthu. Mwana anabadwira momwemo, pansi pa ambulera yanga, ndipo sanalire. Madzulo ake azimayi okhaokha anakamuika m'mphepete mwa dambo lomwelo, mwakachetechete, monga amachitira ndi mwana amene sanaone dzuwa.

Kuyambira pamenepo ababa anasintha. Sanalire pagulu, sanamwe mowa, sanakalipire munthu. Ankangoti akamaliza ntchito, n'kukanjuta kutsogolo kwa galimoto, n'kumayang'ana matayala awiri aja nthawi yaitali. Tsiku lina ndikuwapatsa madzi akumwa anayankhula, osati kwa ine kwenikweni.

"Awa akanakoka nawo, tikanadutsa."

Ndinangotenga kapu n'kubwerera.

Amayi anaimanso. Azamba kusikelo anati mwana adzabwera mvula itayamba kale. Nkhani imeneyi ababa anaimva ngati munthu amene wauzidwa tsiku la mlandu. Ndiye m'nyengo yogulitsa thonje kunabwera uthenga kuchokera ku Phalula, kwa abale awo, wakuti pikapu ina yofanana ndi yathu, koma yokoka ndi matayala onse anayi, yagubuduzika pa tala. Pamwamba inaphwanyika yonse, koma kunsi kunali kwabwino, ndipo mwini wake ankagulitsa chiwalochiwalo. Thonje lathu la chaka chimenecho linathera kumeneko, pamodzi ndi mbuzi.

Anapita ndi Che Amidu, makaniko wa ku Ntaja, munthu wamfupi wa ndevu zoyera amene sankavula kofia ngakhale pansi pa galimoto. Ine ananditenga kuti ndikaone agogo, ndipo unali ulendo wanga woyamba kuwoloka Shire. Galimoto yogubuduzikayo tinaipeza kuseri kwa golosale, itagona chagada, nkhuku zikuikira m'kati. Pansi pa mpando panali patapata mmodzi wa mwana. Che Amidu anamuona, n'kumukankhira m'kati ndi phazi kuti ine ndisamuone, koma ndinali nditaona kale. Anamasula ekiselo yakutsogolo yonse, chitsulo chopingasa chogwira matayala, ndi masipuling'i ake, giyabokosi yokhala ndi kabokosi kena kumbuyo kogawira mphamvu kutsogolo, ndi shafuti yaifupi yopititsa mphamvuyo ku ekiselo. Ekiselo yakumbuyo tinaipeza itagulidwa kale ndi munthu wopanga ngolo. Pobwerera tinadzera ku Ntaja kutenga jenereta ya Che Amidu yowotcherera. Pikapu yathu inanyamula zonsezo, ikutsokomola m'zitunda, koma inafika nazo pakhomo yokha.

Amayi sanazikonde zitsulozo. Anati zikhale kutali ndi khonde, chifukwa galimoto imene yapha anthu siiwala. Koma chenicheni ananena madzulo ena tikusenda chinangwa.

"Bambo a Dorika, galimoto ikuyenda, isiyeni. Ine mvula isanayambe ndipita kukadikirira kuchipatala. Anzanga onse akutero."

"Chaka chatha munatinso mukadikirira," anatero ababa. "Nanga mwana anadikira?"

Amayi anaika mpeni pansi. Kenaka anati, "Ndiye muyambe ndikachira."

"Mukachira ndiye ikhala ya ntchito yanji?"

Anakambirana pang'ono chomwecho, mosakweza mawu, ndipo aliyense ankanena zoona. Amayi anatola chinangwa china n'kupitiriza kusenda.

Ntchito inayamba chilimwe chitalimba. Anaikweza galimoto ndi jeke n'kuikhazika pa zitsa za mtengo wa tsanya, pansi pa mango. Giyabokosi anaisintha bwinobwino, inalowa ngati kwawo. Ine ntchito yanga inali kutsuka mabawuti m'beseni la palafini ndi kuwayala pa thumba motsatana, ndipo ndinkainyadira kuposa sukulu. Fungo la palafini silinkachoka m'zala ngakhale ndisambe ndi mchenga.

Vuto linali kutsogolo. Matayala akale ankagwiridwa ndi manja achitsulo amene zogwirira zake zinawotchereredwa ku chasisi, mitanda iwiri ija imene galimoto yonse imakhalapo. Kuti ekiselo yatsopano ilowe, zogwirira zimenezo zinayenera kuchoka, ndipo sizinali zomasula ndi sipanala iyayi, zinali zodula. Tsiku limene anati ayambe kuyeza, kunabwera mnyamata pa njinga kudzauza Che Amidu kuti akulu awo amwalira kutsidya kwa Chiuta, ku Mozambique. Anasamba m'manja, n'kumanga kachikwama kawo. Asanakwere njinga anabwerera kwa ababa.

"Achimwene, zomasula ndi sipanala masulani, zimabwerera. Zodula ngwamba, ayi ndithu, musadule. Ndikabwera tiyeze kaye chatsopanochi pansi. Chikavomera, ndiye tidule chakale."

Ababa anavomera, ndipo ndikhulupirira kuti anavomera ndi mtima wonse. Sabata yoyamba anapirira. Koma Che Amidu anakhalitsa, chifukwa sakanachoka sadaka ya malirowo isanachitike. Ndiye masana ena kumwamba kunada mbali ya kum'mawa, mphepo inanyamula zinyalala, ndipo kunagwa chizimalupsa. Inali mvula ya kanthawi kochepa, yongonunkhiritsa dothi, imene mwana aliyense amadziwa kuti si mvula yodzalira. Ana tinavina pabwalo. Ababa anaima pakhonde akuyang'ana madontho akugwera pa boneti, nkhope yawo ngati aona njoka m'nyumba. M'mawa mwake anatulutsa macheka a zitsulo.

Anadula masiku angapo. Macheka ankathyoka, iwo n'kuika ena. Ine ndinkathira madzi a sopo pamene akudulapo kuti pasatenthe. Kulira kwa macheka kunkasakanikirana ndi kwa nyenje m'mitengo, moti mpaka lero nyenje zikamalira mwezi wa Okutobala mano anga amachita dzanzi. Amayi ankakhala pakhonde, miyendo itatupa, akumenya nandolo pa mphasa.

"Kodi mukadula pamenepo, pabwerera?" anafunsa tsiku loyamba.

"Sipafunika kubwerera, amake Dorika."

Sanafunsenso. Chitsulo chomaliza chitagwa, ababa anachinyamula n'kukachiponya pa mulu wa zinzake kuseri kwa nkhokwe, manja awo ali matuza okhaokha.

Che Amidu atabwera anaima pafupi ndi muluwo nthawi yaitali. Anavula kofia, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, anakanda pamutu, n'kuivalanso. Sanakalipe. Anapempha chingwe, anayeza pakati pa masipuling'i a ekiselo yatsopano, n'kupita nacho chingwecho ku chasisi. Sizinafanane. Galimoto ya ku Phalula ija inali yofanana ndi yathu pamaso pokha, kunsi inali yotakata kuposa yathu ndi zala zingapo. Ekiselo inalibe pogwira.

"Zitheka," anatero Che Amidu. "Koma pafunika mapuleti achitsulo okhuthala, odulidwa ndi kuboola bwino, ndipo zimenezo ndi za ku Ntaja. Akanakhala kuti akale aja alipo, bwenzi tikuyenda uku tikukonza."

Ababa anayang'ana kumwamba. Kunali koyera mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

Choncho galimoto inakhala pa zitsa, yopanda miyendo yakutsogolo. M'mawa uliwonse ababa ankailiza injini kwa kanthawi kuti isazizire, atabwereka batire kwa aphunzitsi, ndipo inkalira bwino kuposa kale. Mapuleti oyamba anabwera olakwika, mabowo sanakumane. Anawabweza. Tsiku limene mapuleti achiwiri anali oti atengedwe, ababa analawira pa njinga kupita ku Ntaja. Pochoka anauza amayi kuti kwatsala pang'ono, sabata yamawa galimoto itsika pa zitsa.

Dzuwa litafika pamutu, amayi anasiya lichero n'kugwira mzati wa khonde.

"Dorika, kaitane mayi ako aang'ono. Usathamange, ungofulumira."

Ndinathamanga. Amayi aang'ono a Jenifa, mng'ono wawo wa amayi, anabwera ndi azimayi ena awiri, n'kutseka chitseko. Ine anandisiya panja kuti ndiziwiritsa madzi. Sizinatenge nthawi. Ndinamva kulira kwakung'ono, kowonda, ngati kwa mwana wa mphaka, ndipo wina m'nyumbamo anaseka. Ndinakhala pansi pafupi ndi mafuwa n'kuseka nanenso ndekha. Mwana walira, ndipo kunja kuli dzuwa. Ndinaganiza kuti zatha.

Kenaka amayi aang'ono anatulutsa mutu n'kupempha zitenje. Ndinawapatsa za pachingwe. Patapita kanthawi anapemphanso, ndinawapatsa za m'sutikesi. Atatulukanso kachitatu sanapemphe kanthu, anangoti, "Kaitane amalume ako. Uwauze kuti magazi sakusiya."

Amalume a Witinesi anabwera akuthamanga kuchokera kudimba. Sanalowe m'nyumba. Analunjika pansi pa mango, ndipo ndikuganiza kuti m'mutu mwawo anali ataiwala. Anafika, anaona zitsa, anaona makiyi akulendewera pamalo pake, n'kumenya boneti ndi chikhatho kamodzi. Ngolo yapafupi inali ku mudzi wachitatu, ng'ombe zake zili kubusa. Panalibe nthawi yoganiza zambiri. Anazula chitseko cha nyumba yathu, anayalapo bulangete, azibambo anayi n'kunyamula amayi pamapewa. Amayi aang'ono ankatsatira atafungatira khanda. Ine anandipatsanso ambulera yomwe ija, tsopano yotchingira dzuwa.

Tinafika pa Nankuyu. Panali pouma, ming'alu yake yolowa phazi la mwana. Njira ya galimoto inkaoneka bwinobwino, yosalala, yolimba ngati simenti. Fumbi linkatuluka pansi pa mapazi a onyamula n'kumatilowa m'kamwa. Pikapu yathu yakale, ndi chitseko chake cha mphira, ikanadutsa pamenepo osasintha ndi giya yomwe. Aliyense ankadziwa zimenezo ndipo panalibe amene ananena.

Amayi anatsegula maso. Milomo yawo inali itayera.

"Dorika, pano ndi pa Nankuyu?"

"Eya, amayi."

Anatembenuza mutu pang'ono n'kuyang'ana pansi. "Pouma bwanji." Anapuma, ndipo ndinkayesa agona. Kenaka anati, "Abambo ako usakawauze kuti panali pouma."

Ababa tinakumana nawo titalowa kale mu msewu waukulu. Ankabwera akupalasa mwamphamvu, mapuleti atamanga pa kaliyala. Ataona chitseko anachizindikira asanazindikire anthu, chifukwa anachipala okha. Anaisiya njinga ikuyenda, inagwa, mapuleti n'kulira pamiyala. Analanda ngodya imodzi ya chitseko kwa mnyamata wina, ndipo sanalole kulandiridwa mpaka kuchipatala. Koma pamene tinkalowa pachipata, amayi aang'ono anali atayamba kale kulira chapansipansi. Anamwino anabwera mofulumira, anagwira dzanja, anagwira pakhosi, n'kutenga khanda lokha kulowa nalo m'kati.

Za maliro sindinena zambiri. Anthu anakhala pansi pa mango chifukwa ndi pamene panali mthunzi, ndiye galimoto inali pakati pawo, pa zitsa zake, azimayi atatsamira matayala akumbuyo. Aliyense wobwera ankaiyang'ana kaye asanakhale pansi. Mwanayo anakhala moyo, mwamuna, ndipo amayi aang'ono anamutcha Limbani n'kumutenga kukamulera pamodzi ndi wawo.

Kwathu mkazi akamwalira, mkamwini sakhalitsa. Pakapita nthawi ya maliro akuchikazi amamusudzula, amamumasula kuti abwerere kwawo, ndipo ana amatsala chifukwa ndi a pamudzi. Ena amawalola kukhala ngati ankagwirizana bwino. Ababa ankagwirizana ndi aliyense, koma amalume sanathe kuwayang'ananso kumaso. Pa tsiku la mwambowo anayankhula mwaulemu, mawu onse oyenera ananena. Pomaliza anawonjezera awoawo.

"Alamu, sitikuthamangitsani. Malizani chitsulo chanucho. Chikayenda, muzipita nacho."

Ine ndinali nditakwiya nawo ababa, mkwiyo wa mwana umene sudziwa kolowera. Sindinkawayankhula. Chakudya ndinkawaikira pa mpando n'kuchoka. Koma nditamva mawu a amalume, ndinayamba kupemphera pemphero limene sindinauze munthu: kuti galimotoyo isayende. Amayi anali atapita, Limbani anali kwa amayi aang'ono. Munthu amene ndinkamuda ndi yemwe ananditsalira, ndipo chomusunga pamudzi chinali zitsa zija.

Kwa kanthawi ndinkayesa Mulungu wandimva. Mapuleti anawotcherera, ekiselo inalowa, chiwongolero anachilumikiza. Koma asanaitsitse, Che Amidu anatenga khala n'kulemba mzere pa tayala lakutsogolo ndi pa shafuti yake, n'kuchita chimodzimodzi kumbuyo. Anandiuza kuti ndizungulitse matayala pang'onopang'ono iwo akuyang'ana kunsi. Anatuluka akupukusa mutu. Mano a m'difu yakutsogolo, chimphika chija cha pakati pa ekiselo, sanali ofanana ndi a kumbuyo.

"Akutsogolo azifulumira, akumbuyo azichedwa," anawauza ababa. "Mphamvu ndi imodzi, onse akufuna kupita kumodzi, koma sakuyenda limodzi. Azikokana mpaka china chithyoke."

Ababa anakhala pa thumba. "Ndamva," anatero.

Mankhwala ake anali ekiselo yakumbuyo ya galimoto yomwe ija ya ku Phalula, imene inali pansi pa ngolo ya munthu. Ababa anapita kukaifunafuna, anaipeza kumidzi ya kuseri kwa tala ikunyamula njerwa, ndipo anagwirizana ndi mwini wake kuti asinthane ndi yathu. Zinatenga nthawi, kupita ndi kubwera, pa malole a eni. Mvula inayamba, tinadzala, tinapalira. Ababa ankalima munda wa amayi m'mawa, mzere uliwonse, ngakhale ankadziwa kuti sadzadya nawo. Masana ankalowa pansi pa galimoto. Tsopano sankagwira chitsulo chilichonse Che Amidu asanayeze kawiri. Ine ndinabwerera ku beseni la palafini popanda wondiitana. Sitinkayankhulana, koma akatambasula dzanja ndinkadziwa sipanala imene akufuna.

Inatsika pa zitsa mwezi wa Januwale, mvumbi uli mkati ngati chaka chija. M'mawa wa tsiku lonyamuka ababa anapita kumanda okha. Atabwerako anakweza bokosi la masipanala, mphasa, sutikesi ndi jenereta ya Che Amidu. Anapita kwa amayi aang'ono kukamunyamula Limbani pang'ono, n'kumubweza. Amalume anabwera kudzawagwira chanza, ndipo onse awiri ankayang'ana pansi. Kenaka ababa anandiyang'ana ine.

"Tiperekeze mpaka kutsidya."

Ndinakhala pakati, Che Amidu kukhomo. Titafika m'mphepete mwa Nankuyu anaimitsa. Madzi anali ponseponse, achule akulira masanasana. Pakati pa tayala lililonse lakutsogolo panali kachitsulo kopotokola kuti tayalalo ligwire shafuti. Ababa anandiuza kuti nditsike ndikapotokole ine. Ndinapotokola konse kuwiri, matope akufika m'mawondo. Nditakwera anakoka kandodo kakafupi ka pambali pa giya, kanalira kuti khwa, n'kuponda mafuta pang'ono.

Galimoto inalowa m'matope. Ndinadikira kubuula kuja, kukhala pansi kuja. Sizinachitike. Ndinamva kutsogolo kukugwira, kukukoka, ngati ng'ombe zikamvana pa goli. Tinadutsa pamene tinatitimira chaka chija. Tinadutsa moyang'anana ndi pamene azimayi anaika mwana uja, pomwe tsopano panali udzu wautali. Matope ankamenya magalasi, madzi ankalowa pansi pa chitseko, koma sinaime ngakhale kamodzi. Tinakwera kutsidya ngati tikuchokera ku msika.

Ababa anaimitsa, injini ikulirabe. Che Amidu anatsika n'kunena kuti akufuna aone matayala, ngakhale panalibe choona. Anakaima kumbuyo, pamvula, atatipatsa msana.

"Yadutsa," anatero ababa.

Anaika chipumi pa chiwongolero. Patapita nthawi anafunsa, osadzutsa mutu.

"Anthu akuti amayi ako anayankhula pano tsiku lija. Anati chiyani?"

Ndinasowa chochita. Kunama sindinafune, kuswa mawu a amayi sindinafunenso. Ndinati, "Anati ndisakuuzeni."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, chipumi chili pomwepo.

"Panali pouma," anatero okha. "Ndinadutsapo m'mawa mwake pa njinga. Fumbi lokhalokha."

Ndi pamene ndinawaona akulira koyamba, ndipo ine ndinagwira mkono wa malaya awo, wonunkha palafini, osausiya. Mkwiyo wanga sunathe tsiku limenelo iyayi, unatenga zaka. Koma unasweka pamenepo. Pambuyo pake ananditsitsa, anandipatsa ambulera, n'kundiuza kuti ndiziyenda m'mphepete momwe muli udzu. Ndinaima mpaka galimoto inabisika kuseri kwa chimanga. Pobwerera sindinayende mu udzu. Ndinayenda m'mikwasa ya matayala, imene madzi anali atayamba kale kudzaza.

Ababa anakhala ku Phalula mpaka imfa yawo, ndipo sanakwatirenso. Kumeneko kuli tala pakhomo, moti kandodo kaja sikankafunika kawirikawiri. Koma azimayi a kumidzi ya kuseri, kumene misewu imafa dzinja, ankaidziwa pikapu yoyera ija, ndipo alipo anyamata ndi atsikana kumeneko amene anafika kuchipatala ali m'mimba chifukwa cha iyo. Anthu akamandiuza zimenezi amafuna kunditonthoza, ndipo ndimathokoza. Koma sizilipira kanthu. Limbani ndi bambo tsopano, amapalasa kabaza ku Ntaja, ndipo nkhope ya amayi amaidziwira pa chithunzi cha ukwati.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira zimene amalume ankanena, zoti ababa anakonda chitsulo kuposa munthu. Lero ndili ndi ana anga, ndikukhala ku Balaka, ndipo ndikudziwa kuti si zoona. Anadula chifukwa chokonda amayi. Kungoti chikondi chawocho chinali ndi mantha, ndipo mantha awo anali atatsala pa Nankuyu, mu Januwale uja, akukankha galimoto imene inatitimira kale. Maso awo onse anali pa matope a chaka chatha. Amayi anali pakhonde pomwepo, miyendo itatupa, akuwauza za lero, ndipo iwo sanathe kumva. Ndaziona mwa ine ndemwe. Mwana wanga woyamba anadwalapo chibayo, ndipo kwa zaka ndinkamufunditsa majuzi ngakhale kukutentha, osaona kuti akuonda ndi zina. Ndikadzigwira ndikuchita zotero, ndimamva macheka aja, ndipo ndimasiya kaye n'kufunsa munthu amene ndikumuopera kuti iye akufuna chiyani.

Kumudzi ndimapita kawiri kapena katatu pachaka, kukalambula pamanda. Pa Nankuyu palibe mlatho mpaka pano. Anzanga amadabwa kuti ndimakonda kupita dzinja, kuvula nsapato n'kuwoloka matope ofika m'mawondo, pamene ndikanatha kudikira chilimwe n'kudutsa pa njinga yamoto osadetsa ndi chitenje chomwe. Ndimangowauza kuti ndinazolowera. Matope a pamenepo ndimatha kuwapirira, koma fumbi lake sindifuna kuliona.